Kulandira Chithandizo Polera Mwana wa Ulumali

Za kupereka zimalalikidwa kawirikawiri m'matchalitchi. Mwana aliyense wophunzira katekisimu amatha kutchula pamtima ntchito za chifundo: kudyetsa anjala, kuveka ausiwa, kuzonda odwala, ndi zina zotsatira. Koma za kulandira sizimveka kwenikweni, ngati kuti munthu amabadwa akudziwa kale kutambasula manja. Chonsecho pa ntchito iliyonse ya chifundo pamafunika anthu awiri, wopereka ndi wolandira, ndipo wachiwiriyu akabweza manja ake, ntchitoyo yafera pomwepo. Phunziro lino likunena za makolo amene akulera mwana wa ulumali, pakuti mwa akhristu onse ndi iwo amene amasowa chithandizo tsiku ndi tsiku, komanso ndi iwo omwewo amene kuchilandira kumawavuta koposa.

Kulemera kwa katundu

Amene sanalerepo mwana wotere amayesa kuti vuto lake ndi chisoni cha mumtima chokha. Si choncho ayi. Vuto loyamba lili pamsana ndi m'manja. Mwana wopuwala ziwalo chifukwa cha kuvulala kwa ubongo, matenda amene madokotala amawatcha cerebral palsy, angathe kufika zaka 7 kapena 10 akuberekedwabe kumbuyo. Kumudyetsa phala kumatenga nthawi yaitali, poti kumeza kumamuvuta, ndipo akamufulumizitsa amatsamwa. Asambitsidwe, atembenuzidwe usiku kuti asachite zilonda, zofunda zichapidwe m'mawa uliwonse. Mwana wina aliyense amayamba kupepukira amake akangophunzira kuyenda. Uyu akulemera chaka ndi chaka, pamene mphamvu za amake zikunka zichepa. Munda umalimidwa mbali imodzi, kumaliro a pamudzi mayiyo sapezekako, ndipo Misa ya Lamulungu imasanduka ya apo ndi apo.

Zoyambitsa ulumali umenewu zikudziwika bwino masiku ano. Mwana akachedwa kupuma pobadwa, akabadwa masiku asanakwane, akagwidwa ndi chikasu champhamvu m'masiku ake oyamba, kapena akadwala malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi akadali wamng'ono, mbali ya ubongo yolamulira ziwalo imawonongeka. Matendawa sapatsirana. Powonongekapo sipabwerera mwakale, komanso sipakula. Chimene chimakula ndi kuuma kwa ziwalo, ngati mwanayo angogonekedwa pamphasa osachititsidwa mafizo. Tsono mafizowo amafunika tsiku lililonse, ndipo munthu mmodzi amene akuphika, kutunga madzi, kulima ndi kulera ana ena sangawakwanitse yekha. Akuluakulu ananena kale kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe mayi amene saudziwa mwambiwu. Nanga bwanji ambiri amalisenzabe okha?

Chimene chimabweza manja

Choyamba ndi manyazi, ndipo manyaziwo sawayambitsa makolo. Mudzi ndiwo umanong'ona kuti bambo anakhwimira mwana wake kuti malonda ayende, kapena kuti mayi analumpha mwambo ali woyembekezera. Banja likamva zimenezi limatseka chitseko, ndipo alendo akafika mwanayo amamutengera kuseri kwa nyumba. Funso lomweli ophunzira anawafunsa Ambuye Yesu ataona munthu wakhungu chibadwire, pofuna kudziwa ngati wolakwa anali iyeyo kapena makolo ake. Ambuye anakana zonse ziwiri, monga zalembedwa pa mutu 9 wa Mthenga Wabwino wa Yohane Woyera. Mlandu umenewu unaweruzidwa kale, ndipo mkhristu amene akuutsegulanso pakhomo pa mnzake akutsutsana ndi Mbuye wake.

Chachiwiri ndi chozama kuposa manyazi, ndipo nchoyenera kuchilingalira mofatsa, chifukwa chimachokera ku mwambo wabwino. Pamudzi chithandizo chimayenda mobwezerana. Amene anzake amulimira lero, mawa akalima kwa iwo. Amene anamuphikira pa maliro a amake, adzaphika pa maliro a anzake. Kupatsa nkuika, ndipo woika amayembekeza kudzatenga. Mwambo umenewu wasunga midzi m'zaka za njala, ndipo palibe wounyoza. Koma mayi wa mwana wa ulumali amawerenga bwino ndithu, naona kuti iye sadzatha kubweza. Sangasiye mwana kuti akalime kwa mnzake. Chaka chino sangathe, chaka chamawanso sadzatha. Motero mnansi akabwera ndi lichero la ufa, iye amaona ngongole imene ikuwunjikana, ndipo amayankha kuti, "Zikomo amayi, koma tili bwino," pamene m'nyumbamo mulibe kanthu. Kumeneku sikuuma mtima ayi. Ndi ulemu wa munthu wosafuna kudyera anzake masuku pamutu.

Pamenepa Mthenga Wabwino wapitirira mwambo. Pa mutu 14 wa Luka Woyera, Ambuye analangiza wokonza phwando kuti asaitane okhawo amene adzamuitanenso, koma aitane amphawi, opunduka ndi akhungu, ndipo chifukwa chimene anapereka ndi chomwecho chimene mayi uja akuchiopa, chakuti iwo sangabweze. Malipiro ake ali kwa Mulungu pa tsiku la kuuka kwa akufa. Choncho ngongole ilipodi, koma wobweza si mayiyo. Ndipo ngati Ambuye analamula mnansi kuti athandize amene sangabweze, ndiye kuti wokana chithandizocho akutsekera mnansi wake njira yomvera lamulo. Lichero lija likabwerera lodzaza, osauka ndi awiri.

Chachitatu chimavala malaya a chipembedzo, nchifukwa chake chimavuta kuchizindikira. Pali makolo opemphera kwambiri amene amati, "Uwu ndi mtanda wanga, anandipatsa ndi Mulungu, ndisenza ndekha." Mawuwa amamveka oyera, koma aliyense amene amapita ku Njira ya Mtanda pa nyengo ya Lenti akudziwa chimene chimachitika pa malo achisanu. Mwini mtanda weniweniwo sanausenze yekha mpaka pa Kalvari. Simoni wa ku Kirene, munthu wongodutsa pochokera kumunda, anachita kukakamizidwa ndi asilikali, ndipo Ambuye sanamukane ngakhale kuti chithandizo chake sichinali chochokera pansi pa mtima. Moyo wao wonse Ambuye anali wolandira. Anadya zimene amayi a ku Galileya ankapereka kuchokera m'matumba mwao, anapempha madzi kwa mayi wa ku Samariya, anabwereka bulu, ndipo ngakhale manda amene anaikidwamo anali a mwini wake. Petulo Woyera atakana kusambitsidwa mapazi pa Lachinayi Loyera, ankayesa kuti akudzichepetsa, koma anauzidwa kuti akalimbikira kukanako sadzakhala ndi gawo mwa Ambuye. Kudzichepetsa kwina kumakhala kunyada kobisala, ndipo mkhristu adziyese bwino pamenepa asanapite kukalapa.

Chithandizocho nchayani?

Ku Kapernao kunali munthu wofa ziwalo amene anthu anayi anamunyamula pamphasa. Atapeza khomo lodzaza anthu, anakwera naye padenga, nalisasula, namutsitsira pamene panali Yesu. Marko Woyera, pa mutu 2, sanatchule maina a anthu anayiwo, ndipo sananene ngati anali abale ake. Chimene analemba nchakuti Ambuye anaona chikhulupiriro chao, cha onyamulawo. Pa nkhani imeneyi pali chinthu chimodzi chimene makolo ayenera kuchigwira: mphasa ili ndi ngodya zinayi, ndipo makolo ali awiri basi, mwinanso mmodzi. Pakadakhala munthu pakhomo la wodwalayo wobweza anayiwo chifukwa cha manyazi, wovutika sakadakhala wobwezayo koma wogona pamphasa uja.

Apa ndiye pagona phunziro lonse. Chithandizo chimene chimafika pakhomo si cha makolo kuti achilandire kapena achikane monga mtima wao wafunira. Ndi cha mwana. Makolo ndi alonda a pakhomo chabe. Munthu ali ndi ufulu wokana chakudya chake, koma alibe ufulu wokana chakudya cha mwana wake. Angathe kupirira kutopa kwake, koma kutopako kukachititsa kuti mwana aphonye mafizo kapena mankhwala, nkhaniyo siilinso ya iye yekha. Palinso mwana wina amene amalipira mwakachetechete. M'mabanja ambiri amene amakana manja akunja, ntchito imagwera mtsikana wamkulu wa m'nyumbamo, amene amayamba kujomba kusukulu, kenaka nkusiyiratu. Makolo amati sanavutitse munthu aliyense. Mtsikanayo sanamuwerenge.

Mayi wa ku Dublin

Mu mzinda wa Dublin, ku Ireland, munali mayi wina wachikatolika dzina lake Bridget Brown, mkazi wa mmisiri womanga nyumba. Anabereka ana 22, ndipo amene anakula anali 13. Mmodzi mwa iwo, Christy, anabadwa pa 5 June 1932 ali wopuwala thupi lonse ndi matenda aja a kuvulala kwa ubongo. Sankatha kulankhula zomveka, kapena kugwira kanthu ndi manja. Chiwalo chokha chimene chinkamumvera chinali phazi lamanzere. Madokotala a nthawi imeneyo anaganiza kuti ndi nzeru zomwe alibe, ndipo makolo analangizidwa kuti akamusiye ku nyumba yosungirako anthu otere. Mayi Brown anakana. Mwanayo ali ndi zaka 5 anatenga choko ndi zala za phazi lija, ndipo amake atamuonetsa kalembedwe kake, analemba pansi chilembo choyamba cha alifabeti.

Anthu ambiri akamasimba nkhaniyi amaimira pomwepa, natamanda mayi wolimba mtima amene anakana. Koma mayiyu anakana kamodzi, pamene kuvomera anavomera kambirimbiri, ndipo kuvomerako ndiko kunamukuza mwanayo. Analola abale ake a Christy, anyamata osewera paliponse, kuti azimukankha m'kangolo m'misewu yonse ya kwao, ngakhale kuti mayi aliyense akudziwa mmene anyamata amakankhira ngolo. Sanamusunge m'nyumba poopa ngozi kapena maso a anthu. Nthawi ina ali chigonere m'chipatala cha Rotunda, anakumana ndi mtsikana wogwira ntchito yoona za umoyo wa mabanja osauka, Katriona Delahunt, ndipo mmalo mobisa za kunyumba, anamuuza za mwana wake wolemba ndi phazi. Mtsikanayo anali wochokera ku banja lopeza bwino, ndipo si chapafupi kwa mayi wa m'nyumba yothinana kulowetsa munthu wotero kuti aone zonse. Anamulowetsa. Katriona anakhala akubwera kwa zaka zambiri, atatenga mabuku ndi utoto wojambulira, ndipo pamene panafunika ndalama zoti Christy apite ku Lourdes, anathandiza kuzisonkhanitsa kwa anzake.

Ku Lourdes Christy anabwerako osachira. Koma patapita nthawi yochepa, pakhomo panafika dokotala wa ana, Robert Collis, amene mu 1948 anayambitsa bungwe lothandiza ana a matenda amenewa ku Ireland, lomwe lero likutchedwa Enable Ireland. Mayi amene madokotala anamukhumudwitsapo kale akadatha kunena kuti za madokotala zakwana. Sanatero. Ndipo poti m'nyumbamo munalibe malo ochitira mafizo, panafunika kumanga chipinda kuseri. Mwamuna wake ndi ana ake aamuna, amisiri onsewo, ankazengereza. Tsono mayiyo anaitanitsa zomangira, nayamba kuyala yekha mzere woyamba. Amisiriwo ataona kupotoka kwake sanathe kupirira, ndipo anamanga chipinda chonse. Kupempha kuli ndi njira zambiri.

Dokotala Collis anathandizanso Christy kulemba, ndipo mu 1954 buku lake lotchedwa My Left Foot linasindikizidwa. Komabe pano pafunika kuchenjeza. Moyo wa Christy Brown atakula sunali wosalala. Mowa unamuvutitsa, ndipo anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 49. Ndiponso ana ambiri a ulumali sadzalemba buku, ena sadzatchula ngakhale liwu limodzi. Kukadakhala kuti chithandizo chimayezedwa ndi mabuku, bwenzi ana otere atasiyidwa. Chitsanzo chili mwa mayiyo, amene anadziwa choti akane ndi choti avomere, asanadziwe konse kuti mwana wake adzakhala ndani.

Chokana ndi cholandira

Si dzanja lililonse lotambasulidwa limene lili la chifundo, ndipo kulandira sikutanthauza kumeza zonse. Muyeso wake ndi uwu: chithandizo chenicheni chimawonjezera anthu ozungulira mwana, pamene chonyenga chimamuchotsa pakati pa anthu, kapena kumusandutsa chida cha phindu la wina. Sing'anga amene akufuna mbuzi kuti aloze agogo a mwanayo kuti ndiwo mfiti, akuchotsera mwana manja awiri amene akadamulera. Mlaliki amene akuuza makolo kuti ataye mankhwala a khunyu monga chizindikiro cha chikhulupiriro, akuika moyo wa mwana pa ngozi, pakuti mankhwala amenewa akasiyidwa mwadzidzidzi kukomoka kumabwerera mwamphamvu. Eklezia sanasiyanitsepo pemphero ndi chipatala. Buku la Sira, pa mutu 38, limalamula kulemekeza dokotala ndi kupemphera, zonse pamodzi. Nayenso amene akubwereka mwana kuti akapemphetsere pamsewu, kapena kumujambula zithunzi zokasonkhetsera ndalama zimene banja silidzaziona, akanidwe popanda mantha. Ndipo poti ana osatha kulankhula sangathe kudandaula akachitidwa zoipa, makolo ali ndi udindo wosankha mosamala amene akumusiyira mwana, makamaka wamkazi. Kusamala kumeneku si kunyada ayi.

Chovuta kwambiri ndi chithandizo chabwino chobwera ndi mawu oipa. Mnansi afika ndi nkhuni, koma akupepesa ngati pachitika maliro, kapena akutchula mwanayo ndi dzina la ulumali wake mmalo mwa dzina lake la ubatizo. Mawu otere amalasa, ndipo makolo ambiri atseka chitseko chifukwa cha iwo. Komatu anthu saphunzira kukhala ndi mwana wa ulumali ngati samuona. Amene akulankhula mopusa lero ndi chifukwa chakuti mwanayo sanamugwirepo. Akamunyamula kawiri katatu, naona mmene amasekera, lilime limawongoka lokha. Nkhunizo zilandiridwe, ndipo dzina la mwana linenedwe momveka, kufikira mnansiyo atalizolowera.

Pali chinanso chimene makolo angachite, chimene chimaoneka chaching'ono. Anthu ambiri amafuna kuthandiza koma sadziwa pogwira, ndipo amathera pa mawu akuti, "Mukafuna kanthu munene." Mawu amenewa sanyamula madzi. Woti awasandutse ntchito ndi kholo, potchula chinthu chimodzi, tsiku lake ndi nthawi yake: "Alamu, mukadandikhalira ndi mwanayu Lachinayi m'mawa kuti ndikafike kuchigayo." Pempho lotere nlopepuka kulivomera, ndipo wokana amakana chinthu chimodzi osati ubale wonse. Pa msonkhano wa mphakati nkhani yotere iyenera kunenedwa poyera monga zimanenedwera za odwala, kuti Amayi a Chikatolika, a Legio ya Maria ndi achinyamata agawane masiku. Bambo naye asaiwalike. Amuna ambiri amaona kupempha ngati kuvula ulemu, ndipo ena mwa amene amathawa banja mwana wotere akabadwa, amathawa chifukwa analibe mwamuna mnzao woti amuuze za mantha ao. Kuthawako nkulakwa ndithu, koma amuna a mu mpingo amene anaona nangokhala chete ali ndi gawo lao.

Chithandizo cha kutali ndi mudzi

Zina mudzi sungathe, ngakhale utakonda bwanji. Mwana wobadwa ndi mapazi opindikira mkati angathe kuwongoledwa ndi njira ya dokotala Ponseti, yomanga chikhakha chosinthidwa sabata ndi sabata kwa masabata angapo, kenaka nsapato zapadera zovala pogona kufikira zaka 4 kapena 5. Akayamba ali wakhanda amadzayenda ngati wina aliyense, koma akabisidwa zaka zambiri pamafunika opaleshoni yaikulu. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002, chimagwira ntchito ya mafupa a ana. A St John of God ku Mzuzu amathandiza ana ochedwa kukula m'nzeru ndi m'thupi. Makolo eni ake ali ndi bungwe lao la PODCAM, kumene mayi amakumana ndi mnzake amene anadutsa kale njira yomweyo, ndipo kawirikawiri malangizo a mayi wotero amalowa msanga kuposa a wina aliyense.

Nanga sukulu zogonera komweko, monga za ana osamva za ku Mua ndi ku Maryview ku Nguludi? Kodi kutumiza mwana kumeneko si chomwe chija Mayi Brown anakana? Ayi, nzosiyana. Iye anakana malo oti mwana akaiwalikeko. Sukulu ndi malo oti mwana akapezeko chilankhulo, anzake ndi luso, nabwerera kwao pa tchuthi. Ku Germany, mu 1013, kunabadwa mwana wopuwala kwambiri dzina lake Hermann. Ali ndi zaka 7 makolo ake anamupereka kwa amonke a pa chilumba cha Reichenau kuti akaphunzire zimene iwo sakadatha kumuphunzitsa. Anakhala mmonke, nalemba za mbiri, za masamu, za nyenyezi ndi za nyimbo, mpaka imfa yake mu 1054, ndipo mu 1863 Papa Pius IX anavomereza kuti azilemekezedwa ngati Wodala. Kusiya mwana wosamva pa chipata cha sukulu kumawawa, chifukwa nkovuta kumufotokozera kuti amake adzabweranso. Koma kumusunga pakhomo wopanda chilankhulo chilichonse kuti mtima wa kholo usawawe, ndiko kumulipiritsa mwana.

Masakramenti nawonso ndi chithandizo chimene makolo ena amachikanira mwana, poganiza kuti sangamvetse kanthu. Papa Benedict XVI, m'chikalata chake cha 2007 chotchedwa Sacramentum Caritatis, anaphunzitsa kuti anthu a ulumali wa nzeru amene anabatizidwa ndi kulimbitsidwa azipatsidwa Ukaristia pamene kuli kotheka, pakuti amaulandiranso m'chikhulupiriro cha banja kapena cha mpingo umene ukuwaperekeza. Kholo lipite kwa bambo mfumu wa parishi kukakambirana za mwana wake, osadikira kuti mwanayo adzayambe waloweza katekisimu.

Tsiku limene manja a makolo adzaleka

Charles de Gaulle, mtsogoleri wa dziko la France, ankadziwika kuti anali munthu wosapempha kanthu kwa wina aliyense. Atachoka pa udindo anakana ngakhale penshoni ya upulezidenti. Mwana wake wotsiriza, Anne, anabadwa pa 1 January 1928 ndi ulumali wotchedwa Down syndrome. Choyambitsa chake, kachidutswa kowonjezera m'timagawo ta m'thupi tosunga za chibadwa, chinadziwika mu 1959, motero makolowo analera mwana wao osadziwa chifukwa chake. Anne sanathe kulankhula kwenikweni kapena kuyenda bwino payekha. Makolo ake sanamutaye, koma sanayesenso kumulera okha. Mayi wina, Marguerite Potel, anakhala m'banjamo zaka zambiri akusamala Anne, ndipo mu June 1940, pamene banjalo linkathawa nkhondo pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Brest kupita ku England, iye anali nao. Mu 1945 a de Gaulle ndi akazi ao a Yvonne anayambitsa nyumba ku Milon-la-Chapelle yosamalira atsikana a ulumali wa nzeru ochokera m'mabanja osauka, naipereka m'manja mwa asisitere, ndipo ndalama za mabuku amene mtsogoleriyo analemba za nkhondo zinathandiza ntchitoyo. Anne anamwalira pa 6 February 1948 ali ndi zaka 20.

Iye anatsogola, makolo ake natsala. Koma m'mabanja ambiri zimachitika mwina, ndipo funso limene limadzutsa makolo pakati pa usiku ndi lakuti mwanayu adzatsala ndi yani. Mwana amene wadya m'dzanja limodzi lokha kwa zaka 20 amakana chakudya cha dzanja lina, ndipo abale amene sanamugwirepo amamuopa pa tsiku lomwelo limene akufunika. Mayi angagonekedwe m'chipatala mawa lomwe. Nchifukwa chake amalume a mwanayo, azakhali ake, amene anamuimira pa ubatizo ndi anthu awiri kapena atatu a mu mphakati ayenera kuphunzitsidwa makolo akadali ndi mphamvu: mmene amakhazikidwira podya kuti asatsamwe, kulira kwake kwa njala ndi kwa ululu mmene kumasiyanirana, kuti akakomoka agonekedwe cham'mbali osamuika kanthu m'kamwa, ola limene amamwera mankhwala, tsiku lokatenga ena, ndi pamene pamasungidwa buku lake la kuchipatala.